Kuchoka pa Koloboyi Kufika pa Foni

Ife a ku Nachisaka, maphunziro apamwamba tinkawaonera patali. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Malume anga pomwe ankaphunzira kumeneko, patchuthi ankabwera ndi makope odzaza ndi zolemba pamanja, chifukwa buku limodzi la m'laibulale ankalilimbirana ambiri. Usiku ankawerengera koloboyi, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye.

Mu Disembala 2015 moto utapsereza laibulale ya Mzuzu University, ophunzira anadalira kwambiri mabuku a pa intaneti. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana wa mchemwali wanga anabwerera kumudzi. Ndinkamuona atakwera pachulu kuseri kwa khola, foni ili m'mwamba, kusaka netiweki kuti alandire manotsi pa WhatsApp. Mayi ake anagulitsa ndowa ya mtedza kuti agule bandulo.

Ndimanyadira kuti laibulale yafika kumapiri kwathu. Koma nkhawa ndili nayo: malume zomwe ankakopera pamanja zinkakhazikika m'mutu. Adzukulu athu aziwerenga mofatsa, asamangokopera n'kupereka kwa aphunzitsi.