Chikwatu cha Amayi pa Esiteti

Anthu akamakamba za Kasungu amatchula fodya ndi Kamuzu Banda. Ine ndimakumbukira chikwatu cha mfutso chimene chinkalendewera kudenga la khitchini yathu.

Mpaka 1990, lamulo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale m'munda mwake. Motero makolo anga, monga ena ambiri, adakakhala matenanti pa esiteti. Bwana ankatipatsa chimanga pangongole, ndipo malipiro tinkawaona kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa ku okushoni. Nanga ndiwo? Imeneyo idali nkhani ya amayi.

Mvula ikamapita kumapeto, amayi ankathyola nkhwani ndi chitambe, n'kufutsa pang'ono m'madzi otentha, kuyanika pamphasa, kenaka kukulunga m'masamba a msuku. Chilimwe chikafika, kumunda kuli gwa, ankamasula chikwatu. Ankaviika mfutsowo, kuuwiritsa ndi matimati ndi mchere, n'kuthira nsinjiro za mtedza wa Chalimbana mpaka msuzi utagwirana. Nsima inkatsika bwino!

Lero ndikaphika mfutso kuno ku tauni, ana amati, "Adadi, ndiwo zakumudzi izi!" Ndimawayankha kuti fodya adalemeretsa eni maesiteti, koma ife chidatisunga ndi chikwatu cha agogo anu.