Kusefa madzi mu akwariyamu

Kusefa madzi mu akwariyamu ndi njira zochotsera zinyalala ndi poizoni m'madzi a thanki yagalasi yomwe anthu amawetamo nsomba, makorali ndi zamoyo zina zam'madzi. M'nyanja madzi ndi ochuluka moti zoipa zomwe nsomba zimatulutsa zimasungunuka n'kumwazika, koma mu thanki zonse zimatsalira momwemo. Gawo lalikulu la ntchito yoyeretsa madziwa limagwiridwa ndi mabakiteriya okhala pa miyala, mu mchenga ndi m'siponji, ndipo pampu imangowabweretsera madzi ndi okosijeni. Kusefa kumavuta kwambiri mu thanki yaing'ono ya madzi amchere yosungiramo makorali. Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri nsomba za mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zimawetedwa m'maakwariyamu m'maiko ambiri.

Chifukwa chake madzi amafunika kusefedwa

Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'malakwe. Ndowe, chakudya chotsala ndi zamoyo zakufa zikamawola zimatulutsanso amoniya. Amoniya ndi poizoni ngakhale atakhala wochepa kwambiri: amawononga malakwe, nsomba n'kumapuma movutikira pamwamba pa madzi mpaka kufa.

Gulu lina la tizilombo tosaoneka ndi maso, monga mabakiteriya a Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti. Naitiraiti nayenso ndi woopsa, makamaka m'madzi opanda mchere, chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Gulu lachiwiri, makamaka mabakiteriya a Nitrospira, limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, yemwe sapweteka msanga. Magulu onsewa amafuna okosijeni wambiri ndiponso malo oti amatirirepo. Naitireti amachuluka pang'onopang'ono mpaka atachotsedwa posintha madzi, atayamwidwa ndi zomera, kapena ataphwanyidwa ndi mabakiteriya ena okhala pamalo opanda okosijeni.

Mphamvu ya amoniya imadalira pH ya madzi, yomwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa asidi. Muyesowu ukakwera kupitirira 8, gawo lokulirapo la amoniya limakhala mumkhalidwe wake wakupha. Madzi a nyanja yamchere ali ndi pH ya pafupifupi 8.1, ndipo a nyanja ya Malawi amakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. N'chifukwa chake thanki ya makorali ndi thanki ya mbuna zonse zimafuna sefa yodalirika kuposa thanki ya nsomba za m'madzi a asidi.

Mitundu ya kusefa

Pali mitundu itatu ya kusefa, ndipo sefa zambiri zimaphatikiza yonse.

Woyamba ndi kukola zinyalala. Madzi amadutsa m'siponji kapena mu thonje lopangidwa ku fakitale, tizidutswa ta ndowe ndi chakudya n'kutsalira. Zinyalalazo zimapitiriza kuwola m'madzi omwewo mpaka munthu atazichotsa, choncho thonje lomwe lakhala nthawi yaitali osachapidwa limawonjezera naitireti.

Wachiwiri ndi kusefa kwa mabakiteriya, komwe ndi maziko a zonse. Kumafuna zinthu zokhala ndi timabowo tambiri, monga siponji, timiyala tadongo towotcha, kapena miyala ya makorali.

Wachitatu ndi kuyamwa mankhwala osungunuka. Makala okonzedwa mwapadera amachotsa fungo ndi mtundu wachikasu m'madzi, pomwe timibulu ta chitsulo chadzimbiri timayamwa fosifeti. Zinthuzi zimadzaza pakapita milungu ndipo zimafunika kusintha. Makala wamba ophikira sagwira ntchitoyi.

Mbiri

Mu 1846 Anna Thynne wa ku London anayamba kusunga makorali m'nyumba mwake, ndipo anakhala amoyo kwa zaka pafupifupi zitatu. Madzi ankawapatsa mpweya powathirathira kuchoka m'chotengera china kupita m'china. Mu 1850 Robert Warington anafotokoza momwe zomera ndi nsomba zimathandizirana m'madzi osayenda. Akwariyamu yoyamba yoti anthu azikaona inatsegulidwa ku London Zoo mu 1853, ndipo Philip Henry Gosse ndi amene anatchukitsa dzina loti akwariyamu m'buku lake la mu 1854. Cha m'ma 1890 Sergei Winogradsky anapatula mabakiteriya omwe amasandutsa amoniya kukhala naitireti.

M'zaka za m'ma 1960 Lee Chin Eng wa ku Indonesia anasonyeza kuti miyala yotengedwa m'nyanja pamodzi ndi zamoyo zake ikhoza kuyeretsa madzi popanda makina ambiri. M'zaka za m'ma 1970 oweta makorali a ku Germany, kuphatikizapo Peter Wilkens, anaphatikiza miyala yotereyi ndi chipangizo chochotsa zoipa kudzera mu thovu. Njirayi imadziwika ndi dzina la mzinda wa Berlin, ndipo mathanki ambiri a makorali amaitsatira mpaka pano.

Thanki yaing'ono ya makorali

Makorali ndi tinyama, ndipo ambiri amakhala ndi ndere zazing'ono kwambiri m'minofu yawo zomwe zimawapangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. M'chilengedwe amakula m'madzi otentha, oyera, okhala ndi naitireti ndi fosifeti wochepa zedi. Ziwirizi zikachuluka mu thanki, ndere zobiriwira zimakuta makorali, ndipo fosifeti amachedwetsa kukula kwa mafupa awo a laimu. Oweta makorali amasunga mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa lita, kutentha kwa madigiri 24 mpaka 27, ndi kashiyamu wa mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita.

Sefa yaikulu ya thanki yotere ndi miyala yamoyo, yomwe ndi miyala ya mabowomabowo yodzala ndi mabakiteriya. Kunja kwa mwala, komwe kumafika okosijeni, amoniya amasanduka naitireti. M'kati mwenimweni, komwe okosijeni safika, mabakiteriya ena amaphwanya gawo la naitireti kukhala mpweya wa naitirojeni womwe umatuluka m'madzi. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito miyala youma yokumbidwa pamtunda kapena youmbidwa, kuti asagumule matanthwe a m'nyanja. Miyala imaunjikidwa mosiya mipata kuti madzi azidutsa, ndipo pampu imazunguza madzi onse a mu thanki maulendo 20 kapena kuposerapo pa ola.

Chipangizo cha thovu chimatchedwa protein skimmer. Chimasakaniza madzi ndi timathovu tambirimbiri. Mafuta ndi mapuloteni zimamatirira pa thovulo, lomwe limakwera n'kugwera m'kapu yomwe amakhuthula. Motero zoipa zimachoka zisanawole. Chipangizochi chimagwira bwino m'madzi amchere okha, chifukwa m'madzi opanda mchere timathovu timaphatikana n'kuphulika msanga. Ena amalumikizanso thanki yachiwiri pansi pa yaikulu, momwe amabisamo zipangizo ndi kudzalamo ndere za Chaetomorpha. Nderezi zimayamwa naitireti ndi fosifeti, ndipo zikachuluka amazidula n'kutaya.

Vuto la thanki yaing'ono ndi loti chilichonse chimasintha mwamsanga. Madzi akamauma mchere umatsala. Thanki ya malita 40 ikataya lita imodzi, mchere umakwera kuchoka pa magalamu 35 kufika pafupifupi 36 pa lita. Ikataya malita atatu umafika pafupifupi 38. Pachifukwachi madzi owonjezera tsiku ndi tsiku amakhala opanda mchere, ndipo madzi amchere amalowa pokhapokha ena akale atachotsedwa. Nsomba imodzi ikafera kuseri kwa mwala ikhoza kuipitsa thanki yonse usiku umodzi. Mathanki ambiri osapitirira malita 60 amayenda popanda chipangizo cha thovu, podalira miyala, thonje lochapidwa pafupipafupi, nsomba zochepa, ndi kusintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi mlungu uliwonse. Mchere wake ndi wosakanizidwa mwapadera. Mchere wothira ndiwo ulibe kashiyamu, maginiziyamu ndi zina zomwe makorali amafuna.

Malawi alibe gombe la nyanja yamchere. Matanthwe a makorali apafupi ali ku Mozambique, monga ku zilumba za Quirimbas ndi Bazaruto. Makorali a mafupa olimba ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES, choncho kuwaolotsa malire kumafuna chilolezo. Maakwariyamu akuluakulu a madzi amchere m'chigawo chino ali ku South Africa, monga Two Oceans Aquarium ku Cape Town yomwe inatsegulidwa mu 1995, ndi uShaka Marine World ku Durban ya mu 2004.

Kukhwimitsa thanki yatsopano

Thanki yongodzazidwa kumene ilibe mabakiteriya okwanira, ndipo nsomba zambiri za anthu ongoyamba kuweta zimafa m'milungu yoyambirira pachifukwa chimenechi. Thanki imayamba kuyenda yopanda nsomba, n'kumaponyamo chakudya pang'ono kuti chiwole. Amoniya amakwera kenako n'kutsika, naitiraiti amatsatira, ndipo pomaliza naitireti amayamba kuoneka. Izi zimatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Nsomba zimalowa amoniya ndi naitiraiti zikafika pa 0, ndipo zimaikidwa zochepazochepa kuti mabakiteriya achulukane molingana ndi zoipa. Siponji kapena mwala wochokera mu thanki yakale yathanzi umafupikitsa nthawiyi.

Mathanki a mbuna

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za gulu la cichlid, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zimakhala m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja, n'kumadya ndere zomera pa matanthwe. Malo a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear anakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsombazi, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa ndandanda ya malo ofunika padziko lonse mu 1984. Stuart Grant, yemwe anamwalira mu 2007, ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Salima kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Kugwira ndi kutumiza kunja nsomba zamoyo kumafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Usodzi.

Thanki ya mbuna imafanana ndi ya makorali pa mulu wa miyala ndi pH yokwera, koma siifuna mchere. Mbuna zimalimbirana malo, ndipo oweta ambiri amaika nsomba zochuluka kuti ukali wa yamphongo usagwere pa nsomba imodzi. Kuchulukaku kumawonjezera amoniya, motero sefa imayenera kukhala yaikulu, ndipo madzi amasinthidwa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi mlungu uliwonse. Mchenga wa makorali, zigoba zankhono zophwanya kapena miyala ya laimu zimathandiza kuti pH isatsike. Popeza mbuna zimafukula mchenga, sefa zobisika pansi pa mchenga sizigwira bwino.

Madzi, nyengo ndi magetsi

Madzi a pampopi amathiridwa klorini, yemwe amapha mabakiteriya a mu sefa pamodzi ndi majeremusi. Klorini amachoka madzi akakhala m'chidebe chosavindikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, kapena akathiridwa mankhwala omuchotsa. Madzi amvula alibe laimu, ndipo amafunika kuwonjezeredwa laimu asanalowe mu thanki ya mbuna. Madzi a m'mitsinje yodutsa m'minda akhoza kukhala ndi feteleza kapena mankhwala opopera mbewu. Pa makorali amagwiritsa ntchito madzi oyeretsedwa ndi makina a reverse osmosis.

Kumadera okwera monga Luchenza, Thyolo ndi Mulanje, kuzizira kwa chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumatsitsa kutentha kwa thanki pansi pa madigiri 24 omwe mbuna ndi makorali amafuna. Mabakiteriya nawonso amagwira ntchito mochedwa kukazizira, choncho chotenthetsera madzi chimafunika.

Kuzima kwa magetsi ndi chiopsezo chachikulu, monga zinaonekera namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Pampu ikaima, okosijeni wa mu sefa yotsekedwa amatha m'maola ochepa, mabakiteriya amayamba kufa, ndipo magetsi akayaka madzi ovunda amakankhidwira kwa nsomba. Oweta amateteza thanki ndi kapampu kampweya koyendera mabatire kapena sola, kutsegula sefa n'kuika siponji mu thanki momwemo, kutunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba, ndiponso kusiya kudyetsa nsomba mpaka magetsi atayaka.

Kasamalidwe

Siponji imachapidwa m'madzi ochotsedwa mu thanki, osati pampopi, ndipo siisinthidwa yonse nthawi imodzi. Chakudya chimaperekedwa chongokwanira kutha m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Madzi ooneka oyera akhoza kukhala ndi amoniya wakupha, choncho chodalirika ndi kuyeza amoniya, naitiraiti, naitireti ndi pH ndi timankhwala toyezera. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa amapha makorali, nkhanu ndi nkhono, ndipo nsomba yodwala imachiritsidwira mu thanki ina yapadera.

Onaninso

Nyanja ya Malawi
Mbuna
Makorali
Ulimi wa nsomba ku Malawi