Nyumba ya Mputa ndi Nyumba ya Chidyaonga

Tikamatchula mzere wa mafumu a Angoni a kwa Maseko, lilime limathamangira kwa Mputa, Chikuse ndi Gomani. Pakati pawo pali msilikali mmodzi amene timamudumpha kawirikawiri, chonsecho popanda iye bwenzi ife kuno kulibe. Ameneyu ndi Chidyaonga, m'bale wake wa Mputa.

Makolo athu anachoka kumwera m'nyengo ya chipwirikiti cha nkhondo za Shaka. Mputa anatsogolera khamulo mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene anakumana ndi Angoni ena a mbumba ya Zwangendaba. Ubalewo sunakhalitse, ndipo Mputa anafera komweko. Mwana wake Chikuse anali asanakhwime, motero nthungo ndi chishango za ufumu zinagwera Chidyaonga. Dzina lakelo likunena lokha za munthu wozolowera utsi wa onga. Iye anasonkhanitsa anthu othyoka m'nkhongono, nawabweza ulendo wautali kufikira pa phiri la Domwe cha m'ma 1870.

Chofunika kuchisinkhasinkha n'chakuti ufumuwo anangousunga, sanaulande. Atamwalira, mpando unabwerera kwa Chikuse, mwana wa Mputa. Koma mwana wa Chidyaonga, Chifisi, anaona kuti thukuta la atate ake silinalipidwe, ndipo apa ndi pamene banja linang'ambika. Chikuse atatisiya mu 1891, mkanganowo unagwera ana: Gomani mbali iyi, Kachindamoto wa nyumba ya Chifisi mbali inayo. Anathirana nkhondo, abale okhaokha, mpaka Kachindamoto anatsikira kunyanja nakhazikika ku Mtakataka.

Za nyumba ya Mputa zimadziwika bwino. Gomani Woyamba anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani Wachiwiri, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, boma la atsamunda linamuchotsa pampando, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Pambuyo pake panabwera Willard Gomani Wachitatu, kenaka Gomani Wachinayi, kufikira Inkosi ya Makhosi Gomani Wachisanu.

Nyumba ya Chidyaonga nayo sinazime. Ufumu wa Kachindamoto ulipo m'boma la Dedza, ndipo ndi m'nyumba imeneyi mmene munatuluka Inkosi Theresa Kachindamoto, amene dziko linawadziwa chifukwa chothetsa maukwati a ana.

Inu amene mwakhala pabwalo lino lero, mukamva ngoma ikuvinidwa ndi zithokozo za mafumu zikutchulidwa, tcherani khutu ngati dzina la Chidyaonga limveke.