Kuchokera ku Chirunga kufika pa Ndata: ndani ali ndi mawu m'kalasi?

Munthu amene wafika pa Goliati, m'dera la Mfumu Yaikulu Chimaliro m'boma la Thyolo, sangaphonye nyumba zikuluzikulu za yunivesite ya MUST pa Ndata. Kale dera lino linkatchuka ndi tomato ndi kabichi, komanso ndi ana ake okathyola tiyi m'maesiteti. Nthaka yambiri yachonde ku Thyolo inapita kwa azungu nthawi ya atsamunda, Alhomwe ambiri ochokera ku Mozambique n'kufikira pa thangata. Sukulu yaukachenjede inali nkhani ya ku Zomba ndi ku Blantyre, osati ya kuno.

MUST inkayenera kumangidwa ku Lilongwe. Bingu wa Mutharika, mwana wa kwa Chimaliro konkuno, anaisamutsira pa munda wake wa Ndata, ndipo inamangidwa ndi ngongole ya ku China. Lamulo loikhazikitsa linadutsa mu 2012, ophunzira oyamba n'kulowa mu 2014. Mwiniwake sanawaone: anamwalira pa 5 Epulo 2012 ndipo anagonekedwa pa Ndata pomwepo.

Pamene zipupa zinkakwera pa Ndata, ku Chirunga, pa Chancellor College ku Zomba, makalasi anali otseka. Pa 12 Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kuti akafotokoze zimene ananena pophunzitsa, pomwe anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi zimene zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila wa bungwe lawo la CCASU, anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti simudzakhalanso akazitape. Khonsolo ya yunivesite inachotsa ntchito anthu anayi: Kabwila, Chinsinga, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin. Mkanganowo unatha mu Okutobala, Bingu atalamula kuti abwezeretsedwe. Nduna ya maphunziro pa miyezi yambiri ya mkanganowo anali mng'ono wake, Peter Mutharika. Njovu zinamenyana, koma udzu unali ophunzira, amene anataya pafupifupi chaka chathunthu.

Mantha a aphunzitsiwo anali ndi gwero. Mu 1987 boma la Kamuzu linamanga Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa koleji yomweyo, ndipo anatuluka mu 1991 osazengedwa mlandu.

Papepala zinthu m'mayunivesite n'zogawidwa bwino. Khonsolo imayang'anira chuma, katundu ndi kulemba anthu ntchito. Seneti, momwe mumakhala mapulofesa ndi akuluakulu a masukulu, ndiyo imavomereza maphunziro, zotsatira za mayeso, ndi kugamula kuti uyu abwereze, uyu abwerere kwawo. Koma Chansala wa mayunivesite a boma wakhala ali mtsogoleri wa dziko, ndipo nkhani zikuluzikulu zokhudza ophunzira zakhala zikuchokera kumpando. Kota, njira yosankhira ophunzira potengera boma limene akuchokera, ndi chitsanzo chabwino. Inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khothi linaikana mu 1993, Bingu anaibwezeretsa mu 2009, boma n'kuithetsa mu 2020. Paulendo wonsewu mphunzitsi ankangolandira amene wapatsidwa, chonsecho ndiye amadziwa kuti mwana wochokera ku sekondale yoyendera, amene sanagwirepo chipangizo cha mu labotale, amapunthwa pati m'chaka choyamba.

Pa Ndata zina zayenda mosiyana. Mu 2016 Pulofesa Address Malata, amene anali mkulu wa Kamuzu College of Nursing, anakhala mayi woyamba kuyendetsa yunivesite ya boma m'dziko muno. MUST yakhala ikuitana atsikana a m'masekondale kudzalawa sayansi pa tchuthi, ndipo inakhazikitsa thumba lapadera lothandizira ophunzira osowa. Izi sizinabwere ndi chilengezo cha pamsonkhano wa ndale. Zinachokera mkati, kwa anthu amene amaona mwana wanzeru akusowa m'kalasi chifukwa cha fizi kapena njala.

Komabe MUST imatenga ophunzira a dziko lonse, ndipo ndi ochepa okhoza bwino kwambiri MSCE. Mnyamata wa pa Goliati amene mapointi ake sanafike, chiyembekezo chake chili ku makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Peter Mutharika, ali mtsogoleri wa dziko, anatsegulira ndondomekoyi mu 2015 pa Ngara ku Karonga, cholinga chili choti boma lililonse likhale ndi koleji yake. Ena mwa makolejiwa anakhazikitsidwa m'makampu akale a Apayoniya. Ku Thyolo kuli ya Milonga. M'makoleji otere amaphunzira zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera ndi kusoka.

Kuno ndiye mawu a mlangizi ndi ochepa zedi. Kulibe seneti. Silabasi ndi miyezo zimachokera kulikulu, ku unduna ndi ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limayendera ndalama zimene olemba ntchito amasonkha. Kwa zaka zambiri m'dziko muno munali masatifiketi atatu opikisana, Trade Test, Malawi Craft ndi CBET, mpaka boma linawaphatikiza. Kuphatikizako kunali koyenera. Koma mlangizi wa zowotcherera, amene amadziwa kuti magetsi akazima tsiku lapita, kapena kuti mtsikana wasiya sukulu chifukwa malo ogona ali kutali, alibe bwalo lokhazikika loti zimene waona zisinthe ndondomeko. Amauza mkulu wa koleji, mkuluyo n'kulemba kalata.

Kwina nkhaniyi anaiika m'lamulo. Ku California, m'dziko la America, lamulo la 1988 linapatsa maseneti a aphunzitsi a makoleji a m'madera mphamvu pa silabasi ndi miyezo ya maphunziro. Sikuti mikangano inathera pomwepo. Mu 2017 aphungu a kumeneko anadutsitsa lamulo lochepetsa makalasi okonzekeretsa a masamu ndi Chingerezi, ati ankachedwetsa ophunzira ambiri mpaka kugwa ulesi. Aphunzitsi ena anakondwa, ena anadandaula kuti andale alowerera ntchito yawo, koma poti lamulo liyende bwanji pa koleji iliyonse, panafunika kukhala pansi ndi aphunzitsiwo.