Mleme

Mawu akuti mleme, amene pochulukitsa amakhala mileme, amatchula nyama iliyonse yoyamwitsa ya mapiko achikopa, kotero kuti wolankhula Chinyanja ku Massangulo, Mandimba kapena Cuamba amapereka dzina limodzi lomweli kwa mleme waukulu wodya zipatso ndi kwa kamleme kolira m'denga usiku. Pakati pa mileme yodya tizilombo, akatswiri a zamoyo amapatula banja lotchedwa Molossidae, limene limadziwika ndi mchira wopitirira kachikopa kolumikiza miyendo yakumbuyo, n'kutsala poyera ngati wa mbewa. Mapiko a mileme imeneyi ndi aatali koma osatambalala, ndipo ngakhale amaithandiza kuuluka mwaliwiro m'mwamba posaka zikumbu ndi agulugufe ausiku, amaivutitsa kunyamuka pansi, n'chifukwa chake imagona pamalo okwera pamene ingathe kudzigwetsa kaye isanauluke.

Mitundu iwiri ya banjali yofala m'Mozambique, Mops condylurus ndi Chaerephon pumilus, imabisala m'ming'alu ya matanthwe, m'mphako za mitengo ndi m'kati mwa madenga a malata, mmene woyambawo umapirira kutentha kopitirira madigiri 40, ndipo eni nyumba kawirikawiri amauzindikira ndi fungo la zitosi zake asanauone.