Epoxy: guluu amene amagwira timaboti toyendetsedwa ndi rimoti

Kaboti koyendetsedwa ndi rimoti kamaoneka ngati choseweretsa chabe, koma kakalowa m'madzi kamakumana ndi zokhoma zomwe boti lalikulu limakumana nazo. Mafunde amakamenya, mota imakanjenjemeretsa, ndipo madzi amasakasaka kampata koti alowerepo. Cholumikizira chimodzi chikamatuka kabotiko kali pakati pa damu, madzi amafika pa batire ndi pa kachipangizo kolandira uthenga wa rimoti, mwini wake n'kungotsala manja ali m'khosi kumtunda. N'chifukwa chake opanga timaboti timeneti amadalira guluu wotchedwa epoxy. Komabe epoxy alipo wamitundumitundu, ndipo ngakhale wabwino amakhumudwitsa munthu wapaphuma.

Kodi epoxy n'chiyani?

Epoxy amagulitsidwa m'magawo awiri. Gawo loyamba ndi resin, madzi onanda ngati utomoni, omwe nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku mankhwala a bisphenol A ndi epichlorohydrin. Lachiwiri ndi hardener, mankhwala oumitsa. Magawowa akakhala padera sauma, koma akasakanizidwa amalukana n'kusanduka pulasitiki yolimba. Apa m'pamene epoxy amasiyanirana ndi guluu wa akalipentala, yemwe amauma madzi ake akauluka. Popeza palibe chouluka, epoxy sakhwinyata kwenikweni akamauma, ndipo amatha kudzaza mpata pakati pa zinthu ziwiri zosakumana bwino.

Pakati pa akatswiri amene anatulukira guluuyu m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 pali Pierre Castan wa ku Switzerland ndi Sylvan Greenlee wa ku America. Kampani ya Ciba inayamba kugulitsa epoxy wa dzina loti Araldite m'chaka cha 1946, ndipo dzinali likadalipo m'masitolo a zipangizo, pamodzi ndi ena monga Pratley wa ku South Africa.

Kusankha woyenera

Nthawi yolembedwa pa paketi, kaya mphindi 5 kapena 30, si nthawi imene guluuyo amakhala atakhwima. Ndi nthawi imene munthu ali nayo yogwirira ntchito guluuyo asanayambe kulimba.

Epoxy wa mphindi 5 ndi wothandiza pomata tizinthu tokongoletsa kapena pogwiriziza chinthu podikira kuchimata bwino. Vuto lake n'lakuti amalimba asanalowe mokwanira m'thabwa, ndipo akakhalitsa m'chinyontho amatha kufewa. Sayenera kuikidwa pamalo okhala m'madzi kapena onyamula mphamvu ya mota.

Wa mphindi 30, kapena wochedwerapo, ndiye woyenera pa ntchito zikuluzikulu: pokhazikapo mota, thabwa lakumbuyo kwa boti, matabwa opingasa a m'kati, komanso kapaipi kamene shafiti yozunguza pulopela imadutsamo. Kapaipi kameneka kamaboola thupi la boti, kotero ndi khomo loyamba limene madzi amayesa.

Mtundu wachitatu ndi epoxy wamadzimadzi wonyowetsera nsalu ya fibreglass ndi wopakira matabwa kuti asamwe madzi. M'maboti a injini yoyendera mafuta a methanol ndi nitromethane, kupaka kotereku kumatetezanso thabwa kuti lisamwe mafuta, chifukwa thabwa lomwa mafuta silimatikanso.

Si pulasitiki iliyonse imene epoxy amagwira. Pa polyethylene ndi polypropylene amangosendeka ngati khungu la mbatata yophika. Pa ABS amagwira pokhapokha pakhulidwe bwino. Pa boti la fibreglass lopangidwa ndi polyester amagwira ndithu, koma polyester wothiridwa pamwamba pa epoxy sagwira bwino.

Kukonza malo omatapo

Zomata zambiri zimamatuka kaamba ka malo osakonzedwa. Epoxy amafuna malo okhakhala oti agwirepo, choncho mbali zonse ziwiri zikhulidwe ndi sandipepa wokhakhala, monga wa nambala 80, mpaka kunyezimira konse kutatha. Kapaipi kachitsulo nakonso kakhulidwe chimodzimodzi. Mafuta, fumbi ndi thukuta la m'zala zichotsedwe ndi kansalu konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol kapena acetone, pasanakhulidwe komanso pambuyo pake. Acetone asayandikire ABS chifukwa amaisungunula. Thabwa likhale louma, ndipo kumapeto kwake, komwe kumamwa kwambiri, kuyambe kwapakidwa pang'ono kuti kusamwe guluu yense wa polumikizira.

Kuyeza ndi kusakaniza

Epoxy wa m'timachubu nthawi zambiri amasakanizidwa muyeso wofanana, gawo limodzi ku gawo limodzi. Ena ndi osiyana: West System 105 ndi hardener 205 amafuna magawo asanu a resin ku gawo limodzi la hardener. Sirinji ziwiri kapena sikelo yaing'ono zimathandiza, bola munthu aone ngati muyeso wa pa paketi ndi wa kuchuluka kapena wa kulemera.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuwonjezera hardener kumafulumizitsa ntchito. Sizili choncho. Hardener wotsala alibe resin wolukana naye, ndipo guluuyo amatuluka wofewa ndi wonanda mpaka kalekale. Kusakaniza kutenge mphindi imodzi kapena ziwiri, mopala m'mbali ndi pansi pa kapu, mpaka mtundu ukhale umodzi.

Epoxy amatulutsa kutentha akamalimba, ndipo kutenthako kumamufulumizitsanso. Wochuluka akasiyidwa m'kapu yozama amatha kusungunula kapuyo, choncho ndi bwino kusakaniza pang'onopang'ono pa chinthu chophwathalala. Nyengo nayo imawerengedwa: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi yogwirira ntchito imatsika pafupifupi ndi theka. Guluu wa mphindi 30 m'dzuwa la Okutobala sadikira mphindi 30.

Kumata ndi kudikira

Guluu apakidwe mbali zonse ziwiri, ndipo zinthuzo zipanikizidwe moti zisasunthe basi. Kupana kwambiri kumafinya guluu yense n'kusiya polumikizira pouma. M'makona, monga pamene thabwa lopingasa likumana ndi thupi la boti, epoxy amalimbitsidwa ndi ufa wa silica kapena ulusi wa galasi wogayidwa, n'kusalazidwa ndi kamtengo kobulungira kunsonga. Kuthiramo thina kuti akhale wamadzimadzi kumamufooketsa.

Epoxy wambiri amaoneka wouma pakapita maola 24, koma amapitiriza kukhwima kwa masiku angapo. Nthawi zina, makamaka kukakhala chinyezi, pamwamba pake pamatuluka kautsiri konga phula, komwe kayenera kutsukidwa ndi madzi asanapakepo penti. Pentiyo ndi wofunika chifukwa dzuwa limachititsa epoxy chikasu n'kumufumbutsa.

Chenjezo pa thanzi

Epoxy wosauma akamakhudza khungu mobwerezabwereza amayambitsa ziwengo zomwe zimabwerera nthawi iliyonse munthu akamukhudzanso. Valani magolovesi a nitrile, tsegulani mawindo, ndipo phimbani mphuno pokhula. Akakudontherani, sambani ndi sopo ndi madzi, osati acetone. Pa zida, viniga amachotsa epoxy wosauma.

Musanapite nako kudamu, kabotiko kayesedwe m'bafa kwa mphindi zingapo batire itachotsedwa, pansi pake m'kati mutayalidwa kapepala kouma. Kapepalako kakanyowa, ntchito yomata sinathe.