Kuchoka pa Windows 10 popanda kutaya mafayilo

Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Makompyuta omwe akadali pa pulogalamuyi akugwirabe ntchito, koma sakulandiranso zotseka mipata yomwe mbava za pa intaneti zimalowerapo, kupatula okhawo omwe adalembetsedwa m'ndondomeko yapadera. Kusamukira ku Windows 11 ndi kwaulere, ndipo kukachitika mwadongosolo zithunzi, makalata ndi zolemba za bizinesi sizisowa.

Si kompyuta yakale iliyonse yomwe ingalandire Windows 11. Pamafunika RAM ya 4 GB, malo osungira zinthu okwana 64 GB, chitetezo cha TPM 2.0 ndiponso purosesa yovomerezeka. Kwa Intel, kawirikawiri ndi kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, womwe udayamba kutuluka mu 2017. Pulogalamu yaulere ya PC Health Check imanena ngati kompyuta ili yoyenera.

Ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo pa hard drive yapadera kapena pa fulashi yaikulu, makamaka a m'mafoda a Documents, Pictures, Desktop ndi Downloads. Ndi bwino kutsegula angapo mwa okoperedwawo pofuna kutsimikiza kuti ali bwino. Ngati disiki idakhomedwa ndi BitLocker, kiyi yake ya manambala 48 iyenera kusungidwa pamalo ena.

Njira yosavuta ndi ya Windows Update, yomwe imasiya mafayilo ndi mapulogalamu pomwe adali. Wogwiritsa ntchito fulashi ya Windows 11 ayenera kuitsegula ali mkati mwa Windows 10 n'kusankha "Keep personal files and apps". Ngozi imabwera munthu akayatsira kompyuta pa fulashiyo n'kufufuta disiki, chifukwa zonse zimapita. Kuzima kwa magetsi ntchito ili mkati kungaonongenso zinthu, choncho laputopu ikhale yodzadza moto komanso yolumikizidwa ku magetsi.

Ntchito ikatha, Windows yakale imasungidwa mu foda ya Windows.old, ndipo pamakhala masiku 10 oti munthu abwerere ngati zinthu sizikuyenda. Kufufuta fodayo msanga kumatseka njira yobwererayo.

Kompyuta yomwe Windows 11 yaikana si yotaya. Linux Mint ndi yaulere ndipo imayenda pa makompyuta ambiri akale, koma poiika pali chisankho chofufuta disiki yonse, motero kukopera mafayilo kuyenerabe kukhala koyamba.